Zipinda 11,172 za a Bong

Tsiku lomwe a Bong Man-sik anadzicheka chala kachitatu m'shedi yoswera nkhono za m'nyanja, amayi onse makumi atatu anaika mipeni pansi n'kuyamba kuseka. Sikunali kuseka kwankhanza ayi, koma munthu wazaka 56, mwamuna yekha pakati pa amayi, magazi ali chuchuchu m'magolovesi, kuseka kulikonse kumamupweteka.

"Bambo Bong, nkhonozo zinakulakwirani chiyani?" anafunsa mayi wina. "Mukuzisisita ngati mukufuna kuzilemba dzina!"

Iwo ankayang'ana pa windo, pomwe boti lina linkadutsa kutuluka pa doko. Dzina la botilo analilemba ndi iwo zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo. Tsopano linali litafufutidwa ndi penti yoyera, ndipo pamwamba pake panamatidwa zilembo zapulasitiki. Bambo wamkulu uja analira pamaso pa amayi, n'kunamizira kuzizira.

Inu amene mukuwerenga muli ndi mtima wosweka chifukwa ntchito yomwe munkaidziwa yatha, khalani pansi. Ine ndagulitsa supu wa nsomba pa doko la Tongyeong, kutali kum'mwera kwa Seoul, kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndiye musandifunse kuti ndinazimva kwa ndani. Zambiri zinachitikira pa matebulo anga.

A Bong anali mlembi wa maina a maboti. Zaka makumi atatu ndi zisanu, boti lililonse latsopano linkadikira bulashi yawo lisanalowe m'madzi. Ankalembanso zikwangwani za mashopu, za ometa tsitsi, ngakhale changa. Zilembo zawo zinali zonenepa, zoima njii, zoti msodzi aziwerenge ali kutali mkati mwa nkhungu.

Kenako kunabwera Mayi Ok Gyeong-ja ndi kompyuta yawo komanso makina odula zilembo zomata. Ntchito ya masiku awiri iwo ankaimaliza pa maola awiri. Pasanathe zaka zitatu, mabulashi a a Bong anauma gwaa m'chitini. Akakumana ndi Mayi Ok pamsewu ankawolokera tsidya lina, ndipo mawu akuti kompyuta sankatchulidwa m'nyumba mwawo.

Ndiye tsiku lina masana ali kumwa supu kwa ine, chala chomangidwa bandeji, Mayi Ok analowa n'kukhala pa tebulo lomwelo. Ine ndinabisa chipande kuopa kuti angachigwiritse ntchito ina.

"Achimwene, ndabwera kudzapempha," anatero Mayi Ok.

"Mwatenga kale zonse. Kwatsala supuyu, imwani."

"Makasitomala akudandaula. Akuti zilembo zanga za pa boti n'zofanana ndi za pa chimbudzi cha kokwerera basi. Kaputeni wina wandiuza dzulo kuti boti lake likuoneka ngati famase. Ndigulitseni dzanja lanu, ndiliike m'kompyuta."

"Dzanja langa m'chibokosi chanucho? Ndibwino ndife ndikuswa nkhono."

"Nkhonozo ndiye zikukuswani inuyo," anatero Mayi Ok, n'kuloza chalacho.

Ndinaseka mpaka kutsamwa. A Bong anatuluka osamaliza supu. Koma kunyumba anakapeza akazi awo, Mayi Heo, atamva kale nkhaniyo, poti pa doko pano mawu amathamanga kuposa njinga yamoto.

"Bambo a Da-som," anatero Mayi Heo akupakula mpunga ndi kimchi, ndiwo yathu ya kabichi wowawasa, "kunyada sitidyera kimchi. Mawa mupite."

Anapitadi, nkhope ili ndwii.

Pano ndikufotokozereni pang'ono, kuti muone kukula kwa phiri lomwe anayamba kukwera. Zilembo zathu n'zochepa, mwana wochenjera amazigwira pa sabata imodzi. Koma sitizindandalika chimodzichimodzi ngati mikanda. Timatenga ziwiri kapena zitatu n'kuzipanikiza pamodzi m'kabokosi kamodzi, n'kukhala phatikizo limodzi la mawu. Kompyuta nayo inapatsa phatikizo lililonse nambala yakeyake, ngati zipinda za nyumba yogona alendo. Zipindazo zilipo 11,172. Wofuna kuti kalembedwe kake kalowe m'kompyuta ayenera kuika chojambula chake m'chipinda chilichonse.

"Musaope," anatero Mayi Ok. "Opanga zilembo ambiri amangodzaza zipinda 2,350, zomwe anthu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Zinazo n'zamawu oti palibe amawatchula. Ndiponso simufunika kulemba lililonse. Mungondilembera tizigawo, ine ndizilumikiza pa kompyuta."

Apa ndiye anawaputa.

"Kulumikiza? Mwayesa phatikizo ndi njinga yoti mumange ndi sipanala? Chilembo chikakhala ndi mnzake wonenepa chimadzichepetsa, chikakhala chokha chimatambasuka. Chibokosi chanucho chingadziwe ulemu umenewo? Ndilemba lililonse ndi dzanja."

Anayamba. M'mawa kuswa nkhono, masana kufika kunyumba, kuvula nsapato, kukhala pansi pa katebulo kafupi, pepala limodzi phatikizo limodzi. Khumi pa tsiku. Lachisanu lililonse Mayi Heo ankanyamula mapepalawo m'bokosi la tinsomba touma kupita nawo kwa Mayi Ok, amene ankawajambula ndi makina n'kuwalowetsa m'zipinda zawo. Mpaka lero Mayi Ok amalumbira kuti kompyuta yawo imanunkha nsomba.

Panali masiku ena oti pepala limodzi ankalilemba kakhumi. Mayi Ok akati, "Ili lili bwino kale," iwo ankalikwinya n'kuliponya pakona. Mayi Heo ankatola mapepala okwinyawo n'kumakulungira ndiwo kumsika, moti chaka chimenecho theka la tauni linadya nsomba zokulungidwa m'zolakwa za a Bong.

Chaka chitatha, zipinda 2,350 zinadzaza. Boti loyamba linatuluka ndi zilembo zodulidwa ndi makina, koma aliyense pa doko anazizindikira. Asodzi anaimirira m'maboti awo n'kumakuwa, "Dzanja la a Bong labwerera!" Tinachita phwando kwa ine, mowa wa mpunga unayenda, a Bong anaimba nyimbo ziwiri ndi mawu awo oipawo ndipo palibe anawaletsa.

Nkhani ikanathera pamenepa bwenzi ili yokoma koma yaifupi. Amene anaitalikitsa ndi Kaputeni Tak, mkulu wamakani amene anali atangogula boti laliwiro. Anafika kushopu ya Mayi Ok a Bong ali pomwepo.

"Mundilembere dzina lakuti Ssyung-ho," anatero Kaputeni Tak.

"Ssyung? Limenelo ndi dzina kapena chimfine?" anafunsa Mayi Ok.

"Ndi mmene limalirira likamadutsa. Ssyung! Lapita. Boti ndi langa, dzina ndi langa, lembani."

Mayi Ok anatayipa. Pa kompyuta panatuluka kabokosi kopanda kanthu, kenako "ho". Anatayipanso, kabokosi komweko.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa a Bong, amene kwa nthawi yoyamba anasendera pafupi ndi chibokosi chija.

"Chipinda chake chilipo, nambala 50409, poti manambala a zipindazi amayambira pa 44032. Koma mulibe munthu. Phatikizo limeneli silili m'gulu la 2,350 lija. Kaputeni, sankhani dzina lina."

"Ndisinthe dzina la boti langa chifukwa makina anu ndi mbuli?"

A Bong anapita kunyumba, ananyika bulashi yakale m'mafuta mpaka inafewa, ndipo mawa lake anakwera pa makwerero n'kulemba 쓩, Ssyung uja, pa botilo ndi dzanja. Tsiku lolowetsa botilo m'madzi, mutu wa nkhumba uli pa tebulo monga mwa mwambo wathu, mowa utathiridwa m'nyanja, anthu akugwada motsatana, iwo anakokera Mayi Ok pambali.

"Zipinda zopanda anthu zatsala zingati?"

"Zoposa 8,800. Bwanji?"

"Ndiye kuti tsiku lina munthu adzabwera ndi dzina la mwana wake, kapena mawu a kumudzi kwawo, dzanja langa n'kumupatsa kabokosi kopanda kanthu? Ine sindinabwezepo munthu pa zaka makumi atatu ndi zisanu. Tidzaza zonse."

"Achimwene, mwapenga. Zina mwa zimenezo ngakhale lilime silingazitchule!"

"Lilime ndi lanu. Ine ndine wa dzanja."

Anayambira pa chipinda choyamba kutsata manambala, kudzaza paliponse pomwe panali mpata. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Miyezi inayenda, mabokosi a tinsomba touma anachuluka, ndipo popeza maoda a zilembo zawo anayamba kubwera, a Bong anatsanzika m'shedi ya nkhono. Amayi aja anawapatsa mphatso ya bokosi la mabandeji.

Amene anayamba kuona vuto ndine. Tsiku lina akumwa supu, sipuni inayamba kugogoda mbale, ke-ke-ke. Anasinthira ku dzanja lamanzere mofulumira poganiza kuti sindinaone. Ndinauza Mayi Heo tsiku lomwelo, ndipo sindipepesa, pakamwa panga panathandiza.

Dokotala sanazungulire. Anati ndi matenda onjenjemera, mankhwala angachedwetse koma sangachotse. A Bong anafunsa funso limodzi lokha.

"Bulashi ndingaigwire mpaka liti?"

"Chaka chimodzi. Mukachita mwayi, ziwiri."

Zipinda zinali zitatsala pafupifupi 7,000. Kuyambira tsiku limenelo unali mpikisano wa munthu ndi dzanja lake lomwe. Ankadzuka m'mawa, kumwa mankhwala, kudikira kuti dzanja likhazikike, n'kulemba makumi awiri. Patatha miyezi inayi anatsikira pa khumi ndi asanu. Kenako khumi. Anayesa kumanga mkono ku thabwa, anayesa kugwira bulashi ndi manja awiri, anayesa kubanika mpweya polemba mzere wautali. Asanu pa tsiku. Awiri.

Tsiku lina m'mawa analemba phatikizo limodzi maulendo makumi atatu, ndipo onse anatuluka ngati mapazi a nkhuku pa matope. Anatsuka bulashi, anaiika m'chitini, anagona cham'mbali kuyang'ana khoma. Zipinda zopanda kanthu zinali zikadali zoposa 3,200.

Masabata awiri sanatuluke. Doko linazizira, ine supu wanga sankandikomera. Kaputeni Tak anapita kukawaona ndi nsomba yaikulu, anabwerera nayo, ndi mawu ochepa: "Munthu uja wazima."

Koma Mayi Heo si mkazi wongokhala n'kumapukuta misozi. Tsiku lakhumi ndi chisanu anatsegula mawindo onse, anakoka bulangeti.

"Bambo a Da-som, dokotala uja anati chiyani kodi?"

"Munali pomwepo. Anati dzanja latha."

"Dzanja, eya. Nanga za maso ananenapo?"

"Maso alembe bwanji?"

"Zaka zonsezi mwakhala mukundiuza kuti katani wapendama, chithunzi chapendama, ngakhale nsomba m'mbale yapendama. Maso ovutitsawo lero agwire ntchito. Valani nsapato."

Anawakokera kushopu ya Mayi Ok ngati mbuzi yopita kumsika. Amayi awiriwo anali atapangana kale. Pa kompyuta panali phatikizo limodzi lomwe Mayi Ok analumikiza okha kuchokera ku tizigawo ta zolemba za a Bong, ndipo analilumikiza moipa mwadala, mutu waukulu, miyendo yopanikizika.

"Taonani, achimwene," anatero Mayi Ok mokoma. "Poti inu mwatopa, zotsalazo ndimaliza ndekha chonchi. Si zokongola?"

A Bong anayang'ana. Kenako analoza kompyutayo ndi chala.

"Chimenecho n'chiyani? Mukufuna anthu azidzati ndinalemba ndine chimenecho? Chepetsani chapamwambacho! Ayi, kwambiri. Bwezani pang'ono. Chapansicho chipatseni mpweya, chikubanika. Kumanzere. Kumanzere, mayi, kodi dzanja lamanzere simulidziwa?"

Mayi Ok ankasuntha, akudziluma mlomo kuti asaseke. Patatha mphindi khumi, a Bong anaweramira pafupi n'kuyang'anitsitsa. Pa kompyuta panali phatikizo loima njii, lonenepa bwino, loti aliyense pa doko akanalumbira kuti latuluka mu bulashi.

"Ili ndi langa," anatero motsitsa mawu.

"Ndi lanu. Lotsatira?"

Anakoka mpando. Munthu amene ankawoloka msewu pothawa kompyuta anakhala pamaso pake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tsiku ndi tsiku, akulamula ngati kaputeni. Ankakangana moti odutsa ankaima kumvetsera. "Achimwene, kusiyana kwake n'kochepa ngati tsitsi!" "Tsitsi likagwera mu supu mumamwa?" Pamenepo ndiye ankanditchula ine, ngati kuti mu supu wanga munagwerapo tsitsi.

Panabukanso vuto lina. Zipinda zotsalazo zinali za kumapeto, ndipo zitsanzo za zilembo zoyambira maphatikizo amenewo zinali zochepa pa mapepala. A Bong ankati sizikukwanira, chilembo chimodzi chimafunika chioneke chitakhala m'njira zambiri. Ine ndinangonena mawu amodzi kwa makasitomala anga, kuti aliyense amene ali ndi cholembedwa ndi a Bong abwere nacho.

Abale inu, zomwe zinachitika! Wometa tsitsi anazula chikwangwani chake n'kubwera nacho pamutu. Agogo ena anabweretsa thabwa la boti la malemu amuna awo lomwe ankasungira kuseri kwa mitsuko ya kimchi. Kaputeni Tak anazungulira zilumba zitatu ndi boti lake laliwiro, kujambula maboti akale ogona pa mchenga. Amayi a ku shedi ya nkhono anafika onse pamodzi atanyamula chitseko chathunthu cholembedwa kuti "Valani nsapato zamphira". Msewu wa kushopu unadzaza matabwa, magalimoto kulephera kudutsa. A Bong ankayenda pakati pa matabwawo akuwasisita, n'kumatchula chaka chomwe analemba lililonse. Anaseka, analira, anasekanso.

Miyezi isanu ndi inayi inatha chonchi. Ndipo Lachitatu lina masana, Mayi Ok anaimika manja.

"Achimwene, chatsala chimodzi."

Mawu anathamanga. Ine ndinatseka mphika n'kuthamanga ndi epuloni. Shopu inadzaza, ena anasuzumira pa windo. Chipinda chomaliza pa zonse, cha phatikizo loti palibe mawu ake m'chilankhulo chathu, moti mwina palibe adzalifune mpaka dziko lidzathe. Mayi Ok anali atakonza kale tizigawo take.

"Dikirani," anatero a Bong. "Amake Da-som, mwabwera nayo?"

Mayi Heo anatulutsa m'chikwama bulashi, kabotolo ka inki ndi pepala limodzi. Anayala pepalalo pa tebulo n'kuligwira m'makona. A Bong ananyika bulashi. Dzanja linkavina moti madontho anagwera pa malaya a Kaputeni Tak, koma mkulu wamakani uja sanasunthe. Mzere woyamba unatuluka wokhotakhota. Wachiwiri chimodzimodzi. Kachilembo kozungulira kanatuluka ngati dzira losweka. Thukuta linkatsika. Zinatenga mphindi pafupifupi khumi, ntchito yomwe kale inkatenga kuphethira kwa diso.

Anaika bulashi pansi. Pa pepala panali 힣, phatikizo lomalizalo, lonjenjemera mzere uliwonse, koma lathunthu.

Mayi Ok analijambula, linaoneka pa kompyuta. Anafunsa mwaulemu womwe sindinawamvepo nawo, "Ndiliwongole pang'ono, achimwene? Ndi ntchito ya mphindi imodzi."

A Bong anapukusa mutu.

"Lisiyeni. Enawo akuonetsa mmene ndinkalembera. Ili lionetse kuti ndinafika."

Mayi Ok anadina batani. Shopu inaphulika. Amayi a nkhono anavina, wometa tsitsi anakumbatira Kaputeni Tak amene sanalankhulane naye zaka zisanu, maboti pa doko analiza mahutala mpaka mbalame zonse zinathawa. Tsiku limenelo supu ndinagawa waulere, ndipo amene amandidziwa akuuzani kuti chimenecho ndiye chinali chozizwitsa chachikulu.

Lero zilembo za a Bong zili pa maboti, pa mabokosi a nkhono zopita ku Seoul, pa makadi a ukwati. Pa chikwangwani cha shopu ija pali maina awiri, Ok ndi Bong, ndipo amakanganabe kuti liyambe ndi liti. Loweruka lililonse ophunzira zojambula amabwera pa basi kudzakhala pansi pamaso pa bambo amene sangathe kunyamula kapu ya tiyi osataya, kuti awauze pomwe mzere wapendama. Ndipo aliyense wobwera ndi dzina, kaya lachilendo chotani, amatuluka nalo lolembedwa.

Ndiye inu amene ntchito yakutherani, amene thupi layamba kukukanani, amene mwagona kuyang'ana khoma: chomwe chafa ndi chimodzi, werengani zomwe zatsala. Dzanja likakana, maso alipo. Maso akatopa, anzanu alipo, ngakhale uja mumamuwolokera msewu. Musadikire kuti kunjenjemera kuthe kaye, chifukwa mwina sikudzatha. Nyikani bulashi, lembani monjenjemera momwemo mpaka chipinda chomaliza. Mtima wokhawo, abale anga, musautaye.